Chitini cha Atsibweni

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinamwa chinthu chonyansa kuposa zonse zimene ndalawapo, ndipo tsiku lomwelo ndinakana kumwa china choipa kuposa pamenepo. Mpaka lero ndikamva fungo la mankhwala opopera mbewu, malovu amadzaza m'kamwa, ndimayamba kufuna polavulira.

Tinkakhala kwawo kwa amayi, m'mapiri a kufupi ndi Nachisaka. Bambo anali mkamwini wochokera cha ku Bowe. Anali atakhala pamudzipo zaka zambiri, komabe munda umene ankalimamo fodya wa chikopa sunali wawo, ndipo ifenso ana awo, mwa mwambo wathu, sitinali awo kwenikweni. Mwini mbumba anali atsibweni a Layitoni, mlongo wawo wa amayi. Mwana akadwala, akapalamula kapena akafuna sukulu, mawu omaliza ankachokera kwa iwo.

Atsibweni sanali aukali. Anali anthabwala, ndipo akaseka ankamveka mpaka kudambo. Vuto lawo linali lakuti panalibe chimene sankachidziwa. Anagwirapo ntchito pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu, ndipo anabwerako ndi wotchi yosayenda, nsapato za jombo, ndi yankho la funso lililonse. Analinso wapampando wa chipani m'dera lathu, ogulitsa makadi a umembala. Masiku amenewo munthu wotero sunkamutsutsa, ngakhale pa nkhani ya nkhuku.

Linali dzinja, anthu ali pakati pothyola fodya, pamene mlongo wanga Esinati, wa zaka zitatu, anayamba kutsekula m'mimba. Sindikometsa nkhani: nyumba inkanunkha. Amayi ankachapa nsanza, nsanzazo osauma chifukwa cha mvula, ndipo ntchentche zinkachoka pansanza n'kukatera pambale. Ine ndinkagona naye mphasa imodzi, choncho ndinkadzuka zovala zanga zili zosaoneka bwino. Koma chimene chinandiopsa si fungo ayi. Anasiya kulira. Maso ake analowa m'kati, milomo inauma ngati khungwa, ndipo amayi akamutsina pamimba khungu linkatsala chiimire.

Esinati anali ndi khalidwe limodzi limene aliyense pakhomo ankalidziwa. Sankalandira chilichonse m'kamwa asanaone ine nditadya kapena kumwa. Phala, thobwa, ngakhale nzimbe, ankayamba wandiyang'ana pankhope. Ndikamwetulira, ankatsegula pakamwa. Ndikachita tsinya, zathera pomwepo. Ali bwino tinkaseka nazo. Atadwala, ine ndinasanduka khomo la chilichonse cholowa m'mimba mwake.

Amayi anam'bereka m'mawa kupita naye kuchipatala chaching'ono cha kutsidya kwa mtsinje. Anabwerako dzuwa lili pamutu, atanyamula timapaketi tiwiri ta mankhwala a ufa. Atangowoloka, mvula imene inagwa kumapiri inatsika ndi mtsinje n'kumiza mlatho wathu wa mitengo. Zobwereranso kuchipatala panalibe. Timapaketi tiwirito ndito tinali chipatala chathu.

Tinakhala pakhonde. Bambo anali chapambali, akusoka fodya.

"Anamwino akuti paketi imodzi tithire m'madzi owiritsa okwana lita imodzi," amayi anatero. "Akutinso tikalawa, mchere wake usapose wa misozi."

"Nanga litayo njaikulu bwanji, aNambewe?" bambo anafunsa.

Amayi anayang'ana pansi. Mzere unali wautali, namwino anali yekha, ndipo iwo anachita manyazi kufunsa pamaso pa anthu chinthu chimene ena onse ankaoneka ngati akuchidziwa.

Musawaweruze. Kwathu palafini tinkagula pabotolo, mafuta ophikira pasupuni, madzi tinkawerenga mitsuko ndi ndowa. Amene anayendako ankadziwa painti ndi galoni. Lita inali mlendo wofika kumene, womveka pawailesi ndi kusukulu, ndipo panalibe anali atamuonapo nkhope.

Atsibweni anafika nthawi yomweyo kuchokera kuchigafa chawo, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Anamvetsera pang'ono, kenako anaseka.

"Nambewe, akupusitsa. Mankhwala ukawachulutsira madzi umawapha mphamvu. Kuesiteti mbozi zikakanika tinkachepetsa madzi, osati kuwonjezera. Mwana wafooka chonchi, iwe ukufuna um'patse madzi a mtsinje wonse? Bwera nayo kapu."

Amayi anabweretsa kapu ya madzi owiritsa. Atsibweni anang'amba paketi ndi mano, anakhuthulira ufa wonse m'kapumo, n'kutakasa ndi chala. Ndinachiyang'ana chala chija. Utomoni unkasungunuka n'kusiya mizere yofiirira m'madzi. Ufa wina unakana kusungunuka, unangokhala pansi ngati mchenga.

"Filipo, yamba iwe kuti mlongo wako aone. Umwe ngati mwamuna, ndipo umwetulire."

Ndinalandira ndi manja awiri monga tinaphunzitsidwira. Ndinamwa kwambiri, chifukwa ndinkafuna kuti zithe msanga.

Sindidziwa ngati ndingalongosole. Mchere unandiluma lilime ngati ndanyambita mwala wamchere wa ng'ombe. Pambuyo pake panabwera kutsekemera kolemera, konanda, ndipo pansi pa zonsezo panali kuwawa kwa fodya wamuwisi. Ndinayesa kumwetulira, milomo inakana. Ndinafuna kuthamangira kuseri kwa nkhokwe koma sindinafike. Ndinasanza m'mphepete mwa khonde, pamaso pa onse, mpaka kutuluka ndulu yachikasu. Nkhuku zinathamangira pomwepo n'kuyamba kujompha, ndipo nditaona zimenezo ndinasanzanso.

Ndili chiweramire, misozi inatsikira m'kamwa mwanga. Ndikukumbukira kuti ndinadabwa. Poyerekeza ndi za m'kapu zija, misozi inali ngati madzi a pakasupe.

"Amayi," ndinatero nditapeza mpweya, "izi si misozi."

Atsibweni anagwira pamimba ndi kuseka. "Ana asukulu! Mimba yake ndi ya tiyi ameneyu."

Koma Esinati anali ataona zonse. Amayi atam'yandikizira kapu, anatembenuzira nkhope kukhoma n'kuluma mano. Lero ndikudziwa kuti kukana kwakeko kunam'pulumutsa, pakuti mchere wochuluka chotero umam'maliza mwana amene watha kale madzi m'thupi. Tsikulo tinangoona kuti paketi imodzi yapita, yatsala imodzi.

Amayi anaimanga paketi yotsalayo pamfundo ya chitenje chawo.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "anamwino anati lita."

"Lita? Ukufuna lita yeniyeni? Bwanji osanena kale? Lita ndili nayo ine. M'mudzi muno mulibenso wina amene ali nayo."

Anapita kwawo n'kubwerako ndi chitini. Ndinkachidziwa. Chinkakhala patsindwi la chigafa, ndipo ankayezera mankhwala othira panazale ya fodya. Anachokera nacho kuesiteti. M'kati mwake munali kamzere kodindidwa, ndipo kunja kunali kutatsala kachidutswa ka pepala kooneka theka la chigaza cha munthu. Anachigogoda pamwala. Munagwa mphemvu zakufa, zouma, miyendo ili m'mwamba. Palibe anafunsa chimene chinazipha.

Anachitsukuluza kamodzi ndi madzi a mumtsuko, n'kuthiramo madzi owiritsa a amayi mpaka pakamzere. Madziwo anasanduka oyera pamaso pathu, ndipo pamwamba pake pankayandama timaso ta mafuta tobiriwira. Fungo linafika pamene ndinakhala: mazira owola osakaniza ndi palafini, ndi kanthu kena kokoka m'mphuno kamene ndinkakamva nthawi yofesa nazale, kamene kankachititsa bambo kudwala mutu madzulo.

"Waona? Ayera ngati mkaka. Thira paketi, Nambewe."

Dzanja la amayi linali pamfundo ija, koma silinkamasula. Kukana mlongo wawo sakanatha. Kuthira sakanathanso. Atsibweni anaona zimenezo, ndipo anapeza njira.

"Chabwino, Filipo alawe kaye madziwa kuti mtima wako ukhale pansi. Tenga, mphwanga."

Chitini chinafika pansi pa mphuno yanga. Ndinaona mwendo wa mphemvu ukuzungulira pamwamba pa madzi oyerawo. Sindinganene kuti ndinalimba mtima kapena kuti ndinaganiza za imfa. Thupi langa linangokana, monga imakanira mbuzi pakhomo la khola lachilendo.

"Sindimwa, atsibweni."

Kuseka kunatha. Amayi awiri oyandikana nafe amene ankasinja chapafupi anaimika misi.

"Wati chiyani?"

"Sindimwa."

"Ukukana ine? Kusekondale ukulota kuja udzapita ndi mawu a yani?"

Ndinayang'ana kwa amayi, iwo anayang'ana kwa Esinati. Kwa bambo sindinayang'aneko n'komwe, pakuti pa nkhani zotere sindinali nditawamvapo akuyankhula. Koma ndinamva singano yosokera fodya ikuikidwa pansi. Bambo anabwera pang'onopang'ono, ananjuta patsogolo pa atsibweni, n'kuomba m'manja mwaulemu wonse.

"Alamu, ine pano ndine wobwera. Mwambo wa mudzi uno ndinauphunzira kwa inu. Mumatiuza pamowa kuti wobwera ndi chikho ndiye amayamba, kuti anthu amwe mtima uli m'malo. Kapu yoyamba ija mwana walawa m'malo mwanu, mwina munaiwala ndi changu. Ichi yambani ndinu, Mbewe, ife titsatire."

Mawu awo anali oona, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa. Kwathu wofulula mowa amamwa ndiye poyamba. Wopereka thobwa kwa mlendo amalawa mlendoyo akuona. Ngakhale sing'anga amayamba wanyambita mankhwala ake. Atsibweni eniake ndiwo ankakonda kudzudzula anyamata oiwala zimenezi.

Atsibweni anayang'ana bambo, anayang'ana amayi osinja aja. Kenako anakweza chitini. Ndinkaona kholingo lawo likukwera n'kutsika. Chitini chinafika pachibwano, chinafika pamlomo wa m'munsi. Mphuno yawo inakwinyika yokha. Kenako anachitsitsa n'kuchiika pansi, patali ndi mapazi awo.

"Ine ndili ndi chilonda m'kamwa," anatero. "Sindingamve kukoma kwake bwinobwino."

Palibe anaseka. Ine ndinamva mseru wa mtundu wina, wosachokera m'mimba. Munthu wamkulu, mwini wathu, anali wokonzeka kundimwetsa ine, kenako mwana wodwala, chinthu chimene iye sakanalola kuti chikhudze lilime lake.

Koma lita inali isanapezeke, ndipo Esinati anali atayamba kugona maso ali otsegula theka.

Apa ndi pamene ndinakumbukira nyimbo ya kusukulu. Aphunzitsi athu a masamu ankatiimbitsa miyeso yatsopano m'mawa uliwonse, ndodo ili m'manja. Tinkaloweza ngati mavesi, osaganiza kuti zili ndi ntchito kunja kwa mayeso. Ndinanena monong'ona, ngati ndikudziyankhulira ndekha:

"Lita imodzi ndi painti imodzi ndi makota atatu a painti."

Amayi anadzutsa mutu. "Wati painti? Painti ndiye ndikuidziwa."

Analowa m'nyumba n'kutulutsa jagi yawo yoyera ya mkombero wabuluu, imene inkatuluka pa Khirisimasi ndi pobwera abusa basi. Anaipata ali mtsikana, pomwe ankaphunzira kuphika ndi kusoka ndi amayi a kumpingo, ndipo kumeneko mkaka wa chigumu ankayeza ndi mapainti.

"Iyi ikadzaza ndi mapainti awiri. Ndipo makapu athu a tiyi anayi ndiwo amaidzaza, ndathira kambirimbiri."

Ine painti ndinali ndisanaionepo. Amayi lita anali asanaionepo. Ndinatenga kamtengo n'kujambula makapu anayi padothi lonyowa. Ngati anayi ndi mapainti awiri, ndiye kuti painti imodzi ndi makapu awiri. Kota ya painti ndi theka la kapu. Makota atatu ndi kapu imodzi ndi theka. Ndinawerenga kawiri.

"Makapu atatu ndi theka, amayi."

"Ukunena zoona, Filipo? Paketi ndi imodzi."

Bambo ndiwo anaona njira yotsimikizira, ndipo ndikuganiza kuti ankafunanso kuwabwezera alamu awo kansalu kobisira manyazi. Anakataya madzi oyera aja kudzenje, kutali ndi nkhuku. Kenako anatunga madzi wamba a mumtsuko, makapu atatu ndi theka, n'kuwathira m'chitini chija kuchokera m'mwamba kuti kapu isachikhudze. Tonse tinasuzumira, titagwira mphuno. Madzi anaima pakamzere penipeni.

"Mwaona?" atsibweni anatero, mawu awo atabwerera. "Lita yeniyeni. Ndinanena ine."

Madzi owiritsa anali atatha, choncho amayi anayambanso. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unadzaza m'khitchini. Atawira, ankawathira uku ndi uku m'mapoto awiri kuti azizire msanga. Anasamba m'manja ndi sopo. Theka la kapu sanaliyerekeze ndi maso: anadzaza kapu imodzi n'kuigawira mu inzake mpaka madzi analingana m'makapu onse awiri. Kenako anamasula mfundo ija, anathira ufa m'jagi, n'kutakasa ndi supuni yotsuka mpaka pansi panayera.

Analawa okha poyamba. Anapatsa bambo, nawo analawa. Ndiye inafika nthawi yanga, pakuti Esinati sankayang'ana wina.

Mimba yanga inali isanaiwale. Ndinamwa pang'ono n'kusunga m'kamwa. Sindinganame kuti zinali zokoma. Anali madzi ofunda, onunkhira utsi, a kamchere kozizira. Koma kamchereko ndinakazindikira, chifukwa ndinali nditakalawa posachedwa pomwepo, nditawerama m'mphepete mwa khonde.

"Ndi misozi, amayi."

Ndinakhala pamphasa moyang'anana ndi Esinati. Ndinamwa supuni imodzi n'kumwetulira. Anandiyang'ana ngati munthu amene ananamizidwapo kale. Ndinamwa ina, ndi inanso, ndikumeza mseru pamodzi ndi madziwo, mano ali panja ngati wojambulitsa. Amayi anayamba kudandaula chapansipansi kuti ndimaliza mankhwala a mwana. Kenako Esinati anatsegula pakamwa pang'ono, pongokwana nsonga ya supuni.

Tinapitiriza choncho masana onse, supuni yanga yongonyambita, supuni yake yodzaza. Kamodzi anasanza, amayi anadikira pang'ono n'kuyambiranso. Dzuwa likupendeka ndinam'khazika pamiyendo panga kuti amayi apumule. Posakhalitsa ndinamva kufunda pantchafu. Anali atandikodzera, koyamba chiyambire dzulo lake. Amayi ataona kabudula wanga atanyowa anagwira pakamwa, maso awo atadzaza. Mwa zonyansa zonse za tsikulo, chimenechi chokha sindinathamangire kukachisamba.

Mtsinje utaphwa anabwerera naye kuchipatala, ndipo anachira.

Atsibweni anaikamba nkhaniyi zaka zambiri, pamaliro ndi pamowa. M'kukamba kwawo, mudzi wonse unasowa lita, ndipo chitini chawo cha kuesiteti ndicho chinapulumutsa mwana wa mlongo wawo. Za chilonda cha m'kamwa sankazitchula. Anthu ankavomera, chifukwa makadi anali akadali m'thumba mwawo. Chilimwe chotsatira, dimba limene bambo ankalima kudambo linaperekedwa kwa munthu wina wa pabanja. Chifukwa chake sichinanenedwe, ndipo bambo sanafunse. Ndinawaona akuzula mitengo yawo ya tomato n'kuinyamula pamapewa, osayang'ana m'mbuyo. Kusekondale ndinapita ndithu, koma anakandiperekeza pa basi ndi bambo okha.

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti phunziro la tsikulo linali la masamu, kuti nyimbo za kusukulu zili ndi ntchito. Zimenezo n'zoona, ndipo makapu atatu ndi theka sindinawaiwale, ngakhale makapu a masiku ano ndi osiyanasiyana moti ndimayamba ndayeza kapuyo. Koma chimene chimandivutitsa ndikamakula n'chakuti atsibweni sananame. Chitini chawo chinalidi lita, mpaka pakamzere. Muyeso unali woona, chotengera ndicho chinali chakupha. Ndakumana nawo anthu otero m'maofesi ndi m'misonkhano, olondola pa nambala, otsimikiza pa mawu, amene amakupatsa chikho iwo manja ali kumbuyo. Sindikangana nawo. Ndimangoyang'ana ngati ayamba alawa.

Atsibweni anamwalira kalekale, bambonso anatsatira. Esinati ali ndi ana ake kumudzi komwe kuja, ndipo mwini mbumba tsopano ndine. Mawu omaliza amayembekezera kwa ine, ndipo zimenezi zimandiopsa kuposa mmene iwo amaganizira. Chaka chatha kamdzukulu ka Esinati kanatsekula m'mimba ine ndili komweko. Mayi wa mwanayo anasungunula paketi m'botolo la lita logula kusitolo, lolembedwa bwinobwino, losafuna nyimbo kapena kamtengo. Ndinaitanitsa supuni.

"Atsibweni, n'za mwana izi," mwana wamkazi wa Esinatiyo anatero akuseka. "Inunso mukudwala?"

Esinati sanaseke. Iye za tsiku lija sakumbukira kanthu, amangodziwa zomwe anamva kwa amayi. Anatenga supuni, anaitsuka, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Asiye alawe," anatero. "Pakhomo pano amayamba ndi iwo."